Zolemba za ntchito: pulogalamu yolumikiza ophunzira a m'chigwa cha Shire

Muno tikusunga zomwe zachitika pa ntchito yopanga pulogalamu ya pa intaneti yothandiza ophunzira a m'mayunivesite ochokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje kupezana. Tikulemba zomwe zatheka, zomwe zakanika ndi chifukwa chake, kuti amene adzalandire ntchitoyi asadzagwerenso m'mbuna zomwe tazidziwa kale. Dzina la pulogalamuyi sitinagwirizanebe, ndiye tizingoti pulogalamu.

Sabata 1

Tinayamba ndi funso lakuti wophunzira amasowa mnzake nthawi iti. Amene ali kale pasukulu anzake ali nawo, a m'kalasi, a ku hositelo, a kutchalitchi, ndipo magulu a WhatsApp ali mbwee. Wosowa ndi uja dzina lake langotuluka kumene pa mndandanda wa NCHE, bungwe losankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, ali kwawo ku Tengani kapena ku Chapananga, ku Zomba sanafikeko, ku Mzuzu amangomva. Sakudziwa kuti chipinda cha lendi amachipeza bwanji, za ngongole ya HESLGB, bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama za sukulu, amangomva anthu akunena, ndipo pamudzi palibe amene angamuuze ngati afunika kutenga matiresi ndi mbaula. Pa miyezi imeneyi, pakati pa kusankhidwa ndi kunyamuka, ndi pamene munthu wa kwawo amene ali m'chaka chachitatu pasukulu yomweyo angamuthandize kwambiri.

Zimenezi zikutanthauza kuti pulogalamuyi idzagwiritsidwa ntchito munthu ali kumudzi, pa foni yotchajitsa pa sola, ndi bandulo ya tsiku limodzi, osati pa Wi-Fi ya ku laibulale. Zonse zomwe tasankha m'munsimu zachokera pamenepa.

Pulogalamuyi izichita zinthu zitatu zokha. Kupezera munthu wa kwawo amene ali pasukulu yomwe akupita, kutumizirana mauthenga olemba, ndi bolodi ya maulendo yoti anthu opita kumodzi anyamukire limodzi. Mavidiyo, mauthenga a mawu ndi tsamba loti anthu aziyikapo zithunzi n'kumayamikirana tazikana. Zimenezo zilipo kale kwina, ndipo zimadya data.

Sabata 2

Kumbuyo, ku seva, tikugwiritsa ntchito Django pomanga masamba ndi PostgreSQL ngati database, nkhokwe yosungiramo zonse. Masamba akumangidwa pa seva n'kutumizidwa ali HTML yathunthu, JavaScript, code yoyenda mu browser ya foni, ikungobwera pamwamba ngati ndiwo. Chifukwa chachikulu ndi Opera Mini, yomwe anthu ambiri osunga data amaikonda. Ikakhala pa njira yake yopulumutsa data kwambiri, tsamba limatsegulidwa pa maseva a Opera ndipo foni imangolandira chomalizidwa, choncho JavaScript imangoyenda kanthawi kochepa ndipo service worker, kachidutswa ka code kothandiza tsamba kugwira ntchito netiweki itachoka, siyenda n'komwe. Lamulo lathu n'lakuti batani lililonse lofunika likhale mu fomu wamba yomwe ingatumizidwe ngakhale JavaScript itafa.

Taikanso malire a kukula. HTML ndi CSS ya tsamba loyamba, zikapanikizidwa ndi gzip, zisapyole 14 KB. Nambalayi siyongoganiza. Foni ikalumikizana ndi seva, TCP, dongosolo lotumizira data pa intaneti, imalola mapaketi 10 oyamba, lililonse la mabaiti pafupifupi 1,460, isanadikire yankho. Zikakwana m'menemo tsamba limaoneka pa ulendo umodzi wa data wopita ku seva ndi kubwerako, zikapyola pamafunika ulendo wachiwiri, ndipo pa netiweki yomwe ulendo umodzi ukutenga sekondi yathunthu kusiyana kwake munthu amakuona ndi maso. Zonse pamodzi pa kutsegula koyamba zisapyole 100 KB. Zilembo zokongola zochita kudawunilodi tazisiya, tikugwiritsa ntchito zomwe zili kale m'foni. Pali kachiyeso komwe kakumayenda nthawi iliyonse wina akasintha code, ndipo kukula kukapyola malire kusinthako sikulandiridwa.

Mafoni oyesera ndi atatu: ya Android Go ya RAM 1 GB, yakale ya Android 6, ndi ya mabatani yokhala ndi browser. Pa laputopu chilichonse chimathamanga, ndiye chinthu sitikuchiwerenga kuti chatha mpaka chitayenda pa atatuwa.

Sabata 3

Matebulo a database: munthu, sukulu, kosi, dera, pempho, uthenga ndi ulendo.

Tebulo la sukulu linafuna mnzake wa mayina ena. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Chancellor College n'kutsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kuphatikizana kukhala KUHeS. Pakamwa pa anthu mayina akale sanachoke. Wina alemba Chanco, wina Poly, wina KCN, ndipo wa ku LUANAR amangoti Bunda. Tikanasiya bokosi loti munthu alembe yekha, ophunzira a sukulu imodzi akanagawanika magulu anayi osaonana. Tsopano munthu amalemba momwe akudziwira, pulogalamu n'kumuonetsa dzina lovomerezeka kuti adine. Kampasi taiika payokha, popeza wa KUHeS ku Lilongwe sangathandize wa KUHeS ku Blantyre pa nkhani ya malo ogona, chimodzimodzi wa ku Bunda ndi wa ku NRC.

Cholakwika cha sabata ino chinali pa tebulo la madera. Tinalamula database kuti dzina la mfumu yaikulu lisabwere kawiri, ndipo polowetsa mndandanda inakana pa Ngabu. T/A Ngabu aliko ku Chikwawa, alikonso ku Nsanje. Pamwamba pa izo pali tauni ya Ngabu ya pa M1. Takonza kuti chosabwerezedwa chikhale dzina, boma ndi mtundu wa dera pamodzi, ndipo pa sikirini boma lizilembedwa pafupi ndi dzinalo nthawi zonse.

Sabata 4 ndi 5

Masabata awiriwa apita pa mawu amodzi, "wa kwanu".

Njira yoyamba inali ya GPS. Foni imapereka pomwe munthu ali, seva n'kuwerengera mtunda wolunjika pakati pa anthu awiri, amene ali pafupi kwambiri n'kukhala pamwamba. Pa mapu zinali bwino. Poyesa ndi maakaunti ongopeka tinaona kuti wa ku Bangula akupatsidwa wa ku Makhanga ngati woyandikana naye kwambiri, kuposa wa ku Sorgin kapena ku Phokera. Masamu sanalakwe, malowa ayandikanadi, koma pakati pali Shire. Kuchokera pamene madzi anadula njira ya ku Chiromo mu 1997, kuwoloka pamenepo n'kwa bwato, ndipo amene akufuna kuyenda pa galimoto amazungulira mpaka ku Thabwa. Anthu awiriwa sakwera minibasi imodzi, sagula msika umodzi, ndipo madzi akakwera sangathe n'kukumana komwe. Vuto lomweli linabwera pakati pa Nchalo ndi midzi ya kutsidya kwa Makhuwira.

GPS inalinso ndi zovuta zina. Munthu akalembetsa ali pasukulu, foni imanena kuti kwawo ndi ku Zomba. M'nyumba ya malata foni yotchipa imatha mphindi zingapo isanapeze malo, batire likutha. Komanso kusunga malo enieni a nyumba ya mtsikana wa zaka 18 mu database ndi katundu amene sitikufuna kusenza. Taichotsa yonse, pulogalamu sipemphanso chilolezo cha malo.

M'malo mwake tikufunsa funso limene aliyense wa kuchigwa amayankha osaganiza: "Mukamapita ku Blantyre mumakwerera pati?" Yankho ndi siteji, ndipo masiteji tawalumikiza monga momwe misewu ikuyendera. Mzere woyamba ndi wa M1, kuyambira ku Marka, Nsanje boma, Tengani, Phokera, Bangula, Sorgin, Ngabu, Miseu Folo, Nchalo, Bereu, Dyeratu, kuwoloka Kamuzu Bridge mpaka pa Thabwa. Wachiwiri ndi wa East Bank, kuchokera ku Makhanga kudzera ku Muona, Masenjere ndi Livunzu kukatulukira pa Thabwa pomwepo. Wachitatu ukuchokera ku Chapananga kudzera pa boma la Chikwawa kukalowa M1 pa Dyeratu. Tawonjezera njira ya Muona yokwera ku Thekerani mpaka ku Thyolo, chifukwa wophunzira wa ku MUST, yunivesite ya ku Thyolo, wochokera kwa Mlolo angasankhe imeneyo. Njira ya bwato ya Bangula ndi Makhanga ilimo, koma taiyika kulemera kwa masiteji asanu ndi limodzi m'malo mwa imodzi, ndipo woyang'anira angathe kuitseka nyengo ya mvula.

Masiteji onse sakufika 40, choncho sitikufuna masamu apamwamba. Timawerengeratu kutalikirana kwa siteji iliyonse ndi inzake n'kusunga m'tebulo la mizere yosapitirira 1,600. Wina akasintha njira, tebulolo limamangidwanso m'kanthawi kochepa.

Kagawidwe ka mapointi oonera kufanana kwa anthu awiri kali motere pakadali pano. Kampasi imodzi ndi 40. Kosi imodzi ndi 30, kapena 15 ngati afanana fakote yokha. Siteji imodzi ndi 20, ndipo timachotsa 3 pa siteji iliyonse yomwe atalikirana mpaka zitafika pa 0. Pulogalamu imaonetsa anthu asanu okha. Tinakangana ngati kosi iyenera kuposa kwawo, ndipo tasiya momwemo pa chifukwa ichi: mafunso a ulendo ndi nyumba amatha pakatha mwezi, koma a mabuku ndi mayeso amakhala zaka zinayi.

Chinthu china chinaonekera titangoyesa. Ngati pa kosi ina pali wamkulu, kunena wophunzira wakale wothandiza atsopano, mmodzi yekha wochokera ku Nsanje, atsopano onse amathamangira kwa iyeyo, ndipo pakatha masiku atatu adzatseka akaunti. Taika malire akuti wamkulu asakhale ndi atsopano oposa atatu nthawi imodzi. Akadzaza amachoka pa mndandanda mpaka atatsegula yekha.

Sabata 6

Kulowa ndi nambala ya foni, osati imelo, popeza amene wangomaliza MSCE nthawi zambiri imelo alibe, kapena anamutsegulira wina pa kafe ndipo pasiwedi anaiwala. Nambala anthu amailemba m'njira zambiri: 0 kutsogolo, 265 kutsogolo, +265, mipata pakati, ena +265 kenako 0. Timachotsa zonse zomwe si manambala, n'kutsala ndi manambala 9 omaliza, n'kusunga ndi +265 kutsogolo. Popanda izi munthu mmodzi amakhala ndi maakaunti awiri. Tikulandiranso +258, chifukwa kumalire a ku Marka kukhala ndi SIM ya ku Mozambique si zachilendo.

SMS yolowera inatidyera ndalama kawiri kuposa zomwe tinawerengera, ndipo chifukwa chake ndi chilembo chimodzi. Uthenga wake ndi uwu: "Nambala yanu yolowera ndi 482913. Itha pakapita mphindi 10. Musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku ofesi." Zilembo zake ndi 123, ndipo SMS imodzi imanyamula 160. Koma amene analemba uthengawu poyamba analemba "yoloŵera" ndi ŵ wa kachipewa. Chilembo chimenechi mulibe mu mndandanda wa zilembo za SMS wamba wotchedwa GSM, ndiye uthenga wonse umasinthidwa kukhala kalembedwe kena kotchedwa UCS-2, momwe SMS imodzi imangonyamula zilembo 70, kapena 67 pa chidutswa chilichonse ikagawidwa. Zilembo 123 zinasanduka ma SMS awiri. Chimodzimodzi kachizindikiro kopindika kamene Word imaika mu "m'mudzi" kapena "ng'ombe". Tsopano uthenga uliwonse usanatumizidwe umadutsa pa sefa yosintha ŵ kukhala w ndi kachizindikiro kopindika kukhala koongoka, ndipo chikatsala chilembo chachilendo kachiyeso kamakana. Pa tsamba la pulogalamu ŵ alipobe, vuto lili pa SMS pokha.

Nambala yolowera poyamba inkatha pa mphindi 3. SMS ikachedwa munthu amadina "tumizaninso", yatsopano imapha yakale, kenako yakale ndi imene imafika, ndipo amangozungulira pomwepo. Takweza nthawi kufika mphindi 10, batani lotumizanso limatseguka pakapita masekondi 90, ndipo likadinidwa nthawi isanathe timatumiza nambala yomweyo. Kuyesa kolakwika ndi kasanu basi. Nambala ya foni imodzi singapemphe ma SMS oposa asanu pa tsiku, apo ayi wina wa njiru angatimalizire ndalama usiku umodzi.

Munthu akalowa amakhala wolowa masiku 90. Koma pali funso lakuti "Kodi foniyi ndi yanu?" Akayankha kuti ndi yobwereka, amatulutsidwa akangotseka browser ndipo mauthenga sasungidwa m'fonimo. Foni ya achimwene kapena ya amalume imadutsa m'manja ambiri.

Sabata 7

Kusaka mayina. Chikwawa ndi Chikhwawa, Chiromo ndi Chilomo, Makhuwira ndi Makhwira, Nchalo ndi Ntchalo. Tawonjezera danga lachiwiri losungamo dzina losalazidwa: zilembo zonse zazing'ono, chida cha PostgreSQL cha unaccent chichotse kachipewa, kachizindikiro ka ng' kachoke, r asanduke l, kh asanduke k, tch asanduke ch. Zomwe munthu walemba zimasalazidwa mofananamo, kenako chida china cha PostgreSQL, pg_trgm, chimapeza mayina oyandikira. Dzina lenileni limaonetsedwa momwe mwini wake analilembera. Ntchitoyi inatenga masiku awiri.

Sabata 8 ndi 9

Gawo logwira ntchito netiweki itachoka. Service worker imasunga chigoba cha pulogalamu, mndandanda wa anthu omwe munthu walumikizana nawo ndi mauthenga 50 omaliza a kukambirana kulikonse. Uthenga watsopano umayamba walowa mu IndexedDB, nkhokwe ya browser pa foni pomwepo, n'kuoneka pa sikirini ndi kawotchi pambali, kenako foni imayesa kutumiza. Ikalephera imadikira masekondi 5, kenako 15, kenako 45, mpaka izingoyesa pa mphindi 5 zilizonse. Uthenga wodikira umasungidwa masiku 14. Tinayamba ndi masiku awiri, koma aliyense amene anali kuchigwa nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka, kapena nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti magetsi ndi netiweki zingasowe kupitirira apo.

Zolakwika zinali zinayi.

Choyamba, mauthenga obwera kawiri kapena katatu. Foni imatumiza, seva imalandira n'kusunga, koma yankho limatayika panjira. Foni imaganiza kuti zakanika n'kutumizanso. Mankhwala ake ndi akuti foni ipange nambala yapadera yosabwerezedwa, yotchedwa UUID, pa uthenga uliwonse isanatumize, database ikane UUID yobwera kawiri, ndipo seva iyankhe kuti zatheka ngakhale uthengawo unalipo kale. Chenjezo kwa amene adzakhudze gawoli: crypto.randomUUID, yopangira nambalayi, inayamba pa Chrome 92, ndipo mafoni ambiri browser yawo sanaikonzepo chigulireni. Tinalemba yathu pogwiritsa ntchito crypto.getRandomValues.

Chachiwiri, navigator.onLine, yomwe imanena ngati foni ili pa intaneti, imanama. Foni ikakhala ndi timizere ta netiweki koma bandulo yatha, imanenabe kuti ili pa intaneti. Sitikuikhulupiriranso. Timaona ngati seva yayankha pasanathe masekondi 20, ndipo yankho liyenera kukhala ndi chizindikiro chathu, chifukwa nthawi zina chomwe chimabwera ndi tsamba lokuuza kuti ugule bandulo.

Chachitatu, wotchi. Foni yochotseka batire ikazima kwa nthawi, tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zingapo. Mauthenga omwe tinkawasanja potengera nthawi ya foni ankakwera pamwamba penipeni pa kukambirana, osaoneka. Tsopano seva ndi imene imapereka nambala yotsatana, ndipo nthawi imasungidwa mu UTC n'kuonetsedwa mu Africa/Blantyre, maola awiri kutsogolo. Wotchi yolakwika imachititsanso browser kukana satifiketi ya HTTPS, yotsimikizira kuti tsamba ndi lenileni, poganiza kuti tsiku lake silinafike. Pamenepo code yathu singachite kanthu popeza tsamba silitseguka n'komwe, ndiye taziika pa kapepala ka malangizo: tsamba likakana, yambani mwaona tsiku pa foni.

Chachinayi chikukhudzanso satifiketi. Tikugwiritsa ntchito ya Let's Encrypt, yomwe imakonzedwanso yokha isanathe masiku ake 90. Mafoni a Android yochepera 7.1.1 alibe muzu, kunena satifiketi yaikulu yotsimikizira yathuyi, wotchedwa ISRG Root X1, ndipo njira yakale yomwe inkawathandiza inatha mu 2024. Foni yathu ya Android 6 inatulutsa chenjezo pa browser yomwe inabwera nayo. Pa Firefox, yomwe imayenda ndi mndandanda wakewake wa mizu, tsamba linatseguka, pa Opera Mini chimodzimodzi. Sitinagule satifiketi ina, tangolemba njira ziwirizi pa kapepala komweko.

WebSocket, njira yoti foni ndi seva zikhale zolumikizana nthawi zonse, tinaiyesa n'kuisiya. Pa netiweki yodukaduka kulumikizana kumafa mwakachetechete ndipo foni imangodikira. Tsamba likakhala lotsegula limafunsa seva pa masekondi 20 aliwonse, ndipo ngati palibe chatsopano yankho ndi kanambala 304 kokha, kotanthauza kuti palibe chasintha. Munthu akapita pa pulogalamu ina kufunsako kumaima. Uthenga umachedwa pang'ono kufika, koma awa si macheza a mphindi ndi mphindi.

Sabata 10

Sabata ya chitetezo, ndipo mbali ina sinathe.

Akuba a pa foni ophunzira atsopano amawadziwa bwino. Munthu amadzitcha mwini nyumba pafupi ndi sukulu, kapena wa ku ofesi yoona za malo ogona, n'kunena kuti tumizani ndalama lero chipinda chisapite. Pulogalamu yosonkhanitsa atsopano pamalo amodzi ikhoza kusanduka dambo lowedzamo anthu otere. Choncho nambala ya foni sioneka kwa aliyense. Uthenga sungapite kwa munthu amene sanavomere pempho. Mapempho ndi asanu pa tsiku. Mu uthenga mukapezeka manambala 9 kapena 10 otsatana pamodzi ndi mawu monga "tumizani", "dipoziti" kapena dzina la njira yotumizira ndalama, wolandirayo amaona chenjezo pamwamba pa uthengawo lakuti asalipire chipinda chomwe sanachione. Uthengawo sitiutseka, popeza abale enieni amatumiziranadi ndalama ya thiransipoti.

Amene akufuna kukhala wothandiza atsopano ayenera kutsimikizidwa ndi imelo ya sukulu yothera ndi .ac.mw. Apa tinalakwitsa poyamba pongoyang'ana ngati mawuwo akupezeka mu adiresi, zomwe zikanalola munthu wokhala ndi adiresi ina yongoikamo "ac.mw" pakati. Tsopano timadula pa @, n'kufananiza mapeto ake ndi mndandanda wa masukulu omwe tawavomereza. Amene imelo ya sukulu sikumuyendera angatsimikizidwe ndi anthu awiri otsimikizika a kampasi yomweyo, ndipo akadzapezeka wachinyengo awiriwo amataya mphamvu yotsimikizira ena.

Atsopano ndiye ovuta. Imelo ya sukulu alibe, ndipo dzina lopezeka pa mndandanda wa NCHE si umboni chifukwa mndandandawo aliyense angauwerenge. Pakadali pano amalowa ndi chizindikiro choti "sanatsimikizidwe", angalembere akuluakulu otsimikizika okha, ndipo sangaonane okhaokha mpaka wamkulu mmodzi atawavomera.

Mtsikana angasankhe kuti azioneka kwa atsikana okha, ndipo bokosi limeneli limakhala lodinidwa kale, iye ndiye achotse ngati akufuna. Ena pagulu anati zichepetsa anthu olumikizana. N'zoona, koma mbiri imodzi yoipa ikamveka ku Nchalo makolo auza ana awo onse kuti achokemo. Batani lotseka munthu ndi lodandaula ali pa sikirini ya kukambirana, osati kobisika. Osakwana zaka 18, omwe malamulo a dziko lino amawatenga kuti ndi ana, sitikuwalembetsa mpaka titakonza njira ya chilolezo cha makolo.

Potsatira lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, tikusunga zochepa momwe tingathere: dzina, nambala, siteji, kampasi, kosi ndi chaka. Nambala ya chitupa cha unzika sitikuifuna. Munthu akafufuta akaunti zonse zimachoka, ndipo m'makope osungira zimatha pakapita masiku 14, popeza pg_dump, yopanga kope la database, imayenda 2 koloko usiku uliwonse ndipo timasunga makope 14. Tayesa kubwezeretsa database kuchokera pa kope limodzi ndipo zinatheka. Tizichita zimenezi mwezi uliwonse.

Sabata 11

Zilankhulo. Django ilibe Chichewa mwa zilankhulo zomwe imabwera nazo, ndiye tawonjezera ny, chizindikiro cha Chichewa, pamanja n'kulemba fayilo yathu ya mawu, kuphatikizapo mauthenga a zolakwika omwe akanatuluka m'Chingerezi pakati pa tsamba la Chichewa. Mawu athu ndi ataliatali, "Send" ndi zilembo zinayi pamene "Tumizani" ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mabatani ena anasefukira pa sikirini ya mapikiselo 320. Mabatani tsopano amakula motsatira mawu. Malo a Chisena tawakonza pansi pa swk, chizindikiro cha Chisena cha ku Malawi, koma mawu ake alembedwe ndi eni chilankhulo, osati kutembenuza Chichewa liwu ndi liwu.

Sabata 12

Tinayesa kunja, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula, masana dzuwa lili pamutu. Zilembo zotuwa zomwe zinkaoneka bwino m'nyumba zinasoweratu, makamaka poti anthu amachepetsa kuwala kwa sikirini kuti batire lifike madzulo. Muyezo wa WCAG, woonetsetsa kuti masamba a pa intaneti awerengeke ndi aliyense, umafuna kusiyana kwa 4.5 kwa 1 pakati pa zilembo ndi kumbuyo kwake, ife takweza kufika 7 kwa 1, zilembo zakuda pa choyera. Mabatani asachepere mapikiselo 48. Foni ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo mndandanda wautali unayamba kukakamira, choncho tsamba lililonse likumaonetsa mizere 20 ndi batani la "Onani zina".

Chithunzi cha munthu chinavuta pa foni ya 1 GB. Munthu akadina kuti ajambule, kamera imatenga RAM yonse, Android imapha browser kumbuyo, ndipo pobwerera fomu yonse ili mbee. Tachotsa chithunzi pa fomu yolembetsa, chizibwera pambuyo ngati munthu akufuna, ndipo zomwe walemba mu fomu iliyonse zikumasungidwa mu localStorage, kankhokwe ka browser, akamalemba. Chithunzicho chimachepetsedwa pa foni pomwepo kufika mapikiselo 256 mbali zonse chisanatumizidwe. Pa seva Pillow, chida chokonzera zithunzi, imachiwongola kaye motsatira EXIF, zolemba zobisika zomwe kamera imaika mu chithunzi, apo ayi nkhope zimagona chammbali, kenako imachotsa EXIF yonse chifukwa nthawi zina mumakhala malo omwe chinajambulidwira.

Bolodi ya maulendo ikuyenda. Munthu amalemba tsiku, siteji yokwerera ndi komwe akupita, ndipo amaona ena a mzere womwewo omwe akunyamuka tsiku limenelo kapena loyandikana nalo. Wa ku Tengani amaona wa ku Bangula ndi wa ku Nchalo chifukwa minibasi yake idutsa pomwepo, ndipo a East Bank amakumana ndi a M1 pa Thabwa asanakwere chitunda. Opita ku Mzuzu, omwe ulendo wawo ndi wa tsiku ndi usiku, ndi amene gawoli liwathandize kwambiri. Mtengo wa minibasi sitikuulemba, umasintha mafuta akangosowa ndipo nambala yakale ingasocheretse munthu.

Tinaganiza zoikapo chizindikiro cha msewu woduka nyengo ya mvula. Tachilemba motere: anthu awiri otsimikizika anene malo amodzi, chizindikiro chioneke ndi ola lomwe ananena, ndipo chizime chokha pakatha maola 12. Sitinachiyatse. Mantha ndi akuti munthu angaone kuti palibe chizindikiro n'kuganiza kuti msewu uli bwino, pamene kungoti amene ali kumeneko netiweki yawathawa. Machenjezo a madzi osefukira ndi ntchito ya DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi a zanyengo, ndipo sitikufuna kuti pulogalamuyi ioneke ngati ikulowa m'malo mwawo. Ngati chidzayatsidwe, pamwamba padzakhala mawu akuti kusakhalapo kwa lipoti si umboni wakuti njira ndi yotseguka.

Zomwe zatsala sabata ikubwerayi ndi kusamutsa seva kuchoka ku Ulaya kupita ku Johannesburg n'kuyezanso nthawi ya ulendo umodzi wa data pa makampani onse awiri a foni, kukonza service worker yomwe ikumasunga CSS yakale pambali pa HTML yatsopano poika hash, kachizindikiro kosintha fayilo ikasintha, m'dzina la fayilo iliyonse, ndi kupempha navigator.storage.persist kuti browser isafufute mauthenga odikira foni ikadzaza. Mndandanda wa masiteji a kwa Chapananga ndi a kwa Nyachikadza sunakwane, ndipo kwa Nyachikadza funso lakuti "mumakwerera pati" liyenera kukhala ndi yankho la doko, chifukwa ulendo umayamba ndi bwato munthu asanafike pa msewu.